CHAKA CHINO NDI CHATHU

Nkhani ya lero ikuchokera kutali, ku mzinda wa Chicago m'dziko la America, ndipo ikunena za munthu amene dzina lake sililembedwa m'nyuzipepala, ngakhale kuti popanda iye masewero sangakome. Munthuyu ndi wochemerera. Mwezi wa Febuluwale ukafika, mzinda wa Chicago umakhala uli m'kati mwa chisanu choopsa. Mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imalasa mpaka m'mafupa, misewu imakutidwa ndi chipale chofewa, ndipo bwalo la Wrigley Field limakhala lotseka, lili zii. Koma ndi m'mwezi womwewu m'mene wochemerera timu ya Chicago Cubs amayamba kuyenda mopepuka, pakuti amamva pa wailesi kuti osewera afika ku Mesa, m'chigawo chotentha cha Arizona, kukayamba zokonzekera. Akamva zimenezi amauza mnzake mawu amene atate ake adanenapo, amenenso agogo ake adanenapo, akuti chaka chino ndi chathu.

Omvera ambiri sadaonepo masewero a baseball, choncho ndi bwino kuyamba ndi kulongosola m'mene amayendera. Timu iliyonse imalowa m'bwalo ndi anthu 9. Woponya amaima pakachulu pakati pa bwalo, naponya kampira kolimba, kokula ngati lalanje laling'ono, kwa mnzake wowakha amene amanyonyomala pa mtunda wa mamita 18. Kampirako kamatha kuthamanga makilomita oposa 150 pa ola. Patsogolo pa wowakhayo pamaima womenya wa timu inayo, chibonga chamtengo chili m'manja. Akaumenya bwino mpirawo amataya chibonga, nathamanga kudutsa ngodya zitatu za bwalo mpaka kubwerera pamene adayambira, ndipo akafika timu yake yapeza chigoli. Akaumenya mpaka kudumpha mpanda, amazungulira ngodyazo mosatekeseka, ndipo eni masewerowa amati wamenya home run. Timu yoponya ikatulutsa omenya atatu, matimu amasinthana ntchito. Masewero athunthu ali ndi zigawo 9, ndipo m'ligi matimu akafanana zigoli amawonjezera zigawo mpaka wina atapambana.

Masewerowa amaphunzitsa munthu kugonja tsiku ndi tsiku. Womenya amene anthu amamutama kuti ndi katswiri amalephera kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi. Ligi yaikulu ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 162 kuyambira kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo kufikira kumapeto kwa Seputembala. Ngakhale timu yoopsa imagonja kokwana 55 kapena 60 pa chaka. Matimu ochita bwino amalowa m'ndime zotsiriza mu Okutobala, ndipo awiri otsala amalimbirana chikho chachikulu chotchedwa World Series, chomwe amatenga ndi amene wayamba kupambana kanayi pa masewero asanu ndi awiri. Chikho n'chimodzi, olimbirana ndi 30. Ochemerera matimu 29 amalowa m'chisanu manja ali m'khosi.

Mwambo wopita kudziko lotentha kukakonzekera ndi wakale ndithu, ndipo timu ya Cubs ili ndi mbali m'chiyambi chake. M'chaka cha 1886, pamene timuyi inkatchedwa Chicago White Stockings, mtsogoleri wake Cap Anson adatenga osewera ake kupita nawo ku Hot Springs, m'chigawo cha Arkansas, kumene kuli akasupe a madzi otentha. Masiku amenewo osewera ankagwira ntchito zina m'nyengo yozizira, ndipo ambiri ankabwerako atanenepa, ena atalowerera ndi mowa. Anson adafuna kuti atuluke thukuta m'madzi otenthawo ndi kukwera mapiri asanagwire mpira. Matimu ena adatengera nzeruyo. Lero matimu 15 amapita ku Florida, kumene masewero awo okonzekera amatchedwa Grapefruit League, ndipo 15 enawo amapita ku Arizona, kumene amatchedwa Cactus League. Oponya ndi owakha ndiwo amayamba kufika, pakati pa Febuluwale, chifukwa mkono wa woponya umafuna nthawi kuti uzolowere. Enawo amatsatira patapita masiku ochepa, ndipo zonse zimatenga pafupifupi milungu isanu ndi umodzi.

Kwa zaka zambiri, kuyambira 1921 kufikira 1951, kupatula zaka za nkhondo, a Cubs ankakonzekerera pa chilumba cha Santa Catalina, kufupi ndi gombe la California. Chilumbachi chidali cha William Wrigley Jr., mwini timuyo, amene adalemera ndi malonda a chingamu. Kumeneko n'kumene mu 1937 kudapita mnyamata wina woulutsa mawu pa wailesi ya WHO ya ku Des Moines, dzina lake Ronald Reagan. Ntchito yake idali kulandira mbiri ya masewero a Cubs pa telegalamu ndi kuifotokoza pa wailesi ngati kuti akuona ndi maso. Ali pa ulendo umenewo adakayesedwa ndi kampani yojambula mafilimu ya Warner Brothers, namulemba ntchito, ndipo patapita zaka adakhala mtsogoleri wa dziko la America. Mu 1952 timu idasamukira ku Mesa. Idachokako kwa kanthawi, koma kuyambira 1979 sidasunthenso. Bwalo lake latsopano kumeneko, lotchedwa Sloan Park, lidatsegulidwa mu 2014, ndipo mumalowa anthu 15,000.

Ku msasa wokonzekera kumafika osewera okwana 60 kapena kuposa, pamene malo m'timu yoyamba ligi ndi 26 okha. Akatswiri odziwika sada nkhawa. Amasewera zigawo zitatu kapena zinayi, nasamba, napita kunyumba dzuwa likadali pamutu. Amene amakhetsa thukuta ndi achinyamata ochokera m'matimu ang'onoang'ono, ovala malaya a manambala akuluakulu ngati 70 kapena 80, pamodzi ndi achikulire amene akufuna mwayi wotsiriza. Mlungu uliwonse mphunzitsi amaitana ena mu ofesi ndi kuwauza kuti alongedze. Njirayi ndi yaitali. Gift Ngoepe wa ku South Africa adasaina ndi timu ya Pittsburgh Pirates mu 2008, nakhala m'matimu ang'onoang'ono zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Adalowa m'ligi yaikulu pa 26 Epulo 2017, ndipo adali woyamba wobadwira pa nthaka ya Africa kutero. Tsiku limenelo adakumana ndi a Cubs omwewa, ndipo ulendo wake woyamba adaumenya bwino mpira.

Wochemerera amene ali ndi kangachepe amasunga ndalama chaka chonse kuti ayende ulendo wa makilomita oposa 2,000 kuchoka ku Chicago kupita ku Mesa. Kumeneko amayala nsalu pa kapinga wa kuseri kwa mpanda, navula chijasi chimene wakhala nacho miyezi inayi, naothera dzuwa. Osewera amakhala pafupi, moti mwana amatha kutambasula dzanja ndi kupempha katswiri kuti alembe dzina pa mpira wake. Amene sangathe kupita amadalira wailesi, monga adachitira makolo awo, pakuti wailesi ya WGN idaulutsa masewero a Cubs kwa zaka zambiri kufikira 2014. Onsewa maso awo amakhala pa zinthu zofanana. Amafuna kudziwa ngati mkono wa woponya amene adavulala chaka chatha wapola, ngati mnyamata amene akhala akumva mbiri yake wakhwima, ndiponso ngati katswiri wogulidwa ndi ndalama zambiri ali woyenera mtengo wake. Pa nthawiyi palibe timu imene yagonjapo. Ya pamwamba ndi ya pansi zonse zili pa mzere umodzi, ndipo munthu ali ndi ufulu wolota.

Komatu akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zotsatira za masewero okonzekera zimanyenga. Mpweya wa ku Arizona ndi wouma, choncho mpira wokhota umene woponya amanyengera nawo womenya sukhota bwino, ndipo mpira womenyedwa umauluka patali kuposa m'mene ungachitire ku Chicago m'kuzizira kwa Epulo. Woponya wodziwa ntchito amatha tsiku lonse akuyeserera kaponyedwe kamodzi kokha, osasamala kuti akumenyedwa. Mnyamata amene wamenya home run m'chigawo chachisanu ndi chitatu kawirikawiri amakhala atamenya woponya amene mawa lake akulongedza katundu. Ligi ikayamba, zonsezi zimafufutidwa. Wochemerera wa Cubs amazidziwa bwino zimenezi, ndipo akhoza kuzifotokoza kuposa wolemba nyuzi. Chodabwitsa n'chakuti amayembekezabe. Kuti munthu amvetse kulemera kwa chiyembekezo chimenechi, ayenera kumva mbiri ya timuyi.

A Cubs, dzina limene litanthauza ana a chimbalangondo, adatenga chikho chachikulu mu 1907 ndi mu 1908, ndipo maulendo onse awiri adagonjetsa timu ya Detroit Tigers. Nthawi imeneyo bwalo la Wrigley Field lidali lisanamangidwe, pakuti lidatsegulidwa mu 1914. Kudalibe nyumba youlutsira mawu. Arizona weniweniyo adali asanalandiridwe ngati chigawo chathunthu cha dziko la America, zimene zidachitika mu 1912. Anthu a ku Chicago adaganiza kuti chikho chidzakhala mlendo wa chaka ndi chaka. Timu idafikadi m'ndime yotsiriza mu 1910, 1918, 1929, 1932, 1935, 1938 ndi 1945, koma maulendo onse asanu ndi awiriwo idabwerako chimanjamanja. Chitapita chaka cha 1945, ngakhale khomo la ndime yotsirizalo lidatsekeka kwa zaka 71.

Tsoka likachuluka anthu amafuna mfiti. Ku Chicago mfitiyo idapezeka kuti ndi mbuzi. Pa masewero achinayi a World Series ya 1945, William Sianis, Mgiriki amene adali ndi malo omwera mowa otchedwa Billy Goat Tavern, adafika ku Wrigley Field ndi mbuzi yake yotchedwa Murphy, atagula matikiti awiri. Adatulutsidwa m'bwalo chifukwa cha fungo la mbuziyo. Mbiri imati adapsa mtima natemberera timuyo kuti sidzapambananso. Nkhaniyi idakula ndi zaka. Mwana wa m'bale wake wa Sianis adaitanidwa kangapo kudzayendetsa mbuzi m'bwalomo kuti temberero lichoke, koma sizidaphule kanthu. Anthu ophunzira, madokotala ndi maloya omwe, ankaseka nkhani ya mbuziyi masana, koma timu ikayamba kupepera ankaikumbukira.

Chaka cha 1969 ndicho chidasiya chipsera chachikulu. Timu idali ndi akatswiri anayi amene mayina awo adalembedwa pambuyo pake m'nyumba ya chikumbutso ya masewerowa: Ernie Banks, Ron Santo, Billy Williams ndi Ferguson Jenkins. Pakati pa Ogasiti a Cubs adali patsogolo pa New York Mets ndi masewero 9. Pa 9 Seputembala, akusewera ku New York, mphaka wakuda adalowa m'bwalo nadutsa pafupi ndi Santo, nayang'ana kumene kudakhala osewera a Cubs. Pomatha chaka, a Mets adali patsogolo ndi masewero 8. Okhulupirira zamatsenga adaloza mphaka. Ena adaloza zifukwa zooneka ndi maso, ponena kuti mphunzitsi Leo Durocher sankapumitsa akatswiri ake, komanso kuti ku Wrigley Field kudalibe magetsi, moti masewero onse a pakhomo ankachitika masana m'dzuwa lotentha la Julayi ndi Ogasiti. Magetsiwo adaikidwa mu 1988.

Mu 1984 timu idangotsala ndi kupambana kamodzi kuti ifike ku World Series. Idagonjetsa San Diego Padres kawiri, kenaka idagonja katatu motsatizana. Mu 2003 idafika pafupi kuposa apo. Pa masewero achisanu ndi chimodzi olimbana ndi Florida Marlins, a Cubs ankatsogola 3 kwa 0 m'chigawo chachisanu ndi chitatu, atatsala ndi kutulutsa omenya asanu okha. Mpira udauluka cha kumpanda, wochemerera wina adatambasula dzanja monga angachitire aliyense, ndipo wosewera wa Cubs adalephera kuuwakha. Posakhalitsa wosewera wina adaphonya mpira wosavuta, ndipo a Marlins adagoletsa zigoli 8 m'chigawo chimenecho. Mawa lake a Cubs adagonjanso. Khamu lidaiwala zolakwa za osewera, nilitembenukira wochemerera mnzawoyo, moti adatuluka m'bwalo moperekezedwa ndi alonda, ndipo adakhala mobisala zaka zambiri. Apa m'pamene chiyembekezo chidaonetsa mano ake, pakuti munthu amene wadikira nthawi yaitali akakhumudwa amaluma amene ali pafupi. Mu Febuluwale 2004, osewera ali ku Mesa, mpira uja udaphulitsidwa poyera ku Chicago kuti tsoka lithe. Tsoka silidathe.

Ambiri adapita kumanda akudikira. Ernie Banks, munthu wakuda woyamba kusewerera timuyi, adayamba mu 1953 nasiya mu 1971. Adasewera masewero 2,528 namenya ma home run 512, koma sadalawepo ngakhale tsiku limodzi la ndime zotsiriza. Komabe ankadziwika ndi nkhope yosekerera, ndipo chaka ndi chaka ankalosera kuti timu ichita bwino. Adamwalira mu Januwale 2015. Ron Santo adasewera akudwala matenda a shuga, ndipo pambuyo pake adadulidwa miyendo yonse iwiri, koma adapitiriza kuulutsa masewero pa wailesi, akubuula ndi kukondwa pamodzi ndi omvera, kufikira imfa yake mu Disembala 2010. Muulutsi wotchuka Harry Caray adamwalira mu Febuluwale 1998, zokonzekera zikungoyamba kumene. Kumbuyo kwa mayina odziwikawa kuli anthu wamba osawerengeka, amene adabadwa chitapita chaka cha 1908, nakula, nakwatira, naona zidzukulu, namwalira osaona chikho.

Munthu angafunse chimene chinkawabweza ku timu yotereyi. Mu mzinda womwewo muli timu ina, Chicago White Sox, ya kumwera kwa mzindawo, imene idatenga chikho mu 2005 itadikira zaka 88. Kudali kosavuta kukwera sitima ndi kukachemerera opambana, koma wa Cubs weniweni sadasunthe. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Timu imeneyi munthu amailandira kwa makolo monga alandirira mfunda. Mwana adaphunzira kulemba zotsatira za masewero pa pepala atakhala pa miyendo ya agogo ake, wailesi ikulira pakhonde. Agogowo atamwalira, chimene adasiya ndi chipewa chakale cha buluu ndi ngongole ya chiyembekezo imene idali isanabwezedwe. Choncho Febuluwale aliyense, pamene mdzukulu akunena kuti chaka chino ndi chathu, amakhala akunenera ndi akumanda omwe. Kusiya kuyembekeza kukadakhala ngati kuvomera kuti nkhalamba zija zidadikira pachabe.

Chimene chidasintha zinthu idali ntchito ya pang'onopang'ono. Banja la Ricketts lidagula timuyi mu 2009, ndipo mu Okutobala 2011 lidalemba ntchito Theo Epstein, amene mu 2004 adathandiza timu ya Boston Red Sox kutenga chikho itadikira zaka 86. Epstein sadalonjeze zofulumira. Adagulitsa osewera achikulire nasonkhanitsa achinyamata. Malamulo a ligi ankapatsa matimu ochita moipa mwayi woyamba kusankha anyamata aluso a m'masukulu, ndipo iye adagwiritsa ntchito mwayi umenewo. Mtengo wake udali wowawa. Timu idagonja masewero 101 mu 2012, 96 mu 2013 ndi 89 mu 2014. Koma m'zaka zomwezo adabwera Anthony Rizzo kuchokera ku San Diego, woponya Jake Arrieta kuchokera ku Baltimore, ndi anyamata awiri a ku koleji, Kris Bryant ndi Kyle Schwarber. Wochemerera wopita ku Mesa adaphunzira kusiya bwalo lalikulu ndi kupita ku timabwalo ta kuseri, kumene anyamatawa ankaphunzira ntchito. Ankaima pa waya ngati mlimi woyendera nazale, akuwerenga zaka.

Zokonzekera za 2015 zidabwera ndi mphunzitsi watsopano, Joe Maddon, ndi woponya wodziwika, Jon Lester. Koma amene adatenga maso a anthu adali Bryant, amene adamenya ma home run 9, kuposa wina aliyense m'misasa yonse chaka chimenecho. Ochemerera adati mpulumutsi wafika. Mwadzidzidzi timu idamutumiza ku timu yaing'ono. Akuluakulu adati akufunika kuphunzirabe, koma ambiri adaona chifukwa china. Lamulo limati wosewera akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi m'ligi yaikulu ali ndi ufulu wopita kumene afuna, ndipo chaka chimawerengedwa ngati wakhalamo masiku 172. Pomuchedwetsa kufikira pa 17 Epulo, timu idamuperewetsa tsiku limodzi, ndipo idapata chaka china chathunthu cha ntchito yake. Wochemerera adaphunzira kuti pamene iye akuwerenga ma home run, ena mu ofesi akuwerenga masiku ndi madola. Ngakhale zidali choncho, Bryant adasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana onse m'ligi yake, ndipo timu idapambana masewero 97. Idagwa m'ndime yachiwiri kwa yotsiriza, pamene a Mets, adani a 1969 aja, adaigonjetsa kanayi motsatizana.

Mu Febuluwale 2016 chiyembekezo chidali cha mtundu wachilendo, pakuti ulendo uno ngakhale akatswiri olosera adavomereza kuti a Cubs ndiwo timu yamphamvu. Kwa munthu wozolowera kugwa, mawu oterewa amaopsa kuposa chitonzo. Timu idali itawonjezera Jason Heyward, Ben Zobrist ndi John Lackey. Chodandaulitsa chidali chakuti Dexter Fowler, amene ankayamba kumenya pa mndandanda, adamveka kuti wapita ku Baltimore. Pa 25 Febuluwale, osewera ataunjikana pa bwalo ku Mesa, adangoona Fowler akubwera chapansi atavala zovala wamba, atasainanso ndi Cubs mwakachetechete. Anzake adamuthamangira ndi kumukumbatira. Maddon, pofuna kuchepetsa mantha, ankabweretsa zoseketsa ku msasa, mpaka tsiku lina kudafika tiana tiwiri ta chimbalangondo. Pa masewero okonzekera a chaka chimenecho timu idagonja kambiri kuposa m'mene idapambanira, zomwe zidatsimikizanso kuti zotsatira za Malichi sizilosera kanthu.

Ligi itangoyamba, pa 7 Epulo, Schwarber adawombana ndi Fowler pothamangira mpira, naduka mitsempha ya bondo. Kudalengezedwa kuti chaka chake chathera pomwepo, ndipo achikulire ku Chicago adapukusa mitu, nati zayambanso. Koma timu sidafooke. Idapambana masewero 103, kuposa timu ina iliyonse chaka chimenecho. M'ndime zotsiriza idagonjetsa San Francisco Giants, kenaka Los Angeles Dodgers, ndipo pa 22 Okutobala idalowa mu World Series koyamba chichokere 1945. Okonda nkhani ya mbuzi sadalephere kukumbutsa anzawo kuti William Sianis adamwalira pa tsiku ngati lomwelo mu 1970.

Otsutsana nawo adali a Cleveland, amenenso adali asanatenge chikho chichokere 1948. Schwarber, amene adali asanasewere m'ligi kwa miyezi isanu ndi umodzi, adaloledwa ndi madokotala kumenya. Patatha masewero anayi, a Cleveland adali atapambana katatu, a Cubs kamodzi. A Cubs adapambana achisanu ndi achisanu ndi chimodzi, ndipo zonse zidatsalira usiku wa pa 2 Novembala ku Cleveland. Fowler, uja adabwera chapansi ku Mesa, adatsegula masewero ndi home run. Pofika chigawo chachisanu ndi chitatu a Cubs ankatsogola 6 kwa 3. Kenaka a Cleveland adapeza chigoli, ndipo Rajai Davis adamenya home run imene idafananitsa zigoli, 6 kwa 6. M'nyumba zambiri za ku Chicago mudagwa bata la pamaliro. Zigawo 9 zitatha kudagwa mvula, ndipo masewero adaima kwa mphindi 17. Heyward, amene chaka chonse adavutika kumenya, adasonkhanitsa anzake m'kachipinda nawakumbutsa kuti iwo ndiwo adali timu yopambana onse chaka chimenecho. Mvula itakata, Schwarber adayamba ndi kumenya bwino, Zobrist ndi Miguel Montero adalowetsa zigoli ziwiri, a Cleveland adabweza chimodzi, ndipo pakati pa usiku patapitirira, Bryant adatola mpira wotsiriza nauponya kwa Rizzo. Zigoli zidali 8 kwa 7. Zaka 108 zidathera pamenepo.

Zimene anthu adachita masiku amenewo zidaulula chimene chiyembekezo chija chidali. Pa makoma a njerwa a Wrigley Field, anthu zikwizikwi adalemba ndi choko mayina a makolo, amalume, akazi ndi amuna awo amene adamwalira akudikira, mpaka malo adasowa ndipo ena adabwera ndi makwerero. Ku manda a mu mzindawo, mitumbira idavekedwa zipewa ndi mbendera za timu. Bambo wina adayendetsa galimoto tsiku lonse kuchokera ku North Carolina kupita ku Indiana kuti akamvere masewero otsirizawo pa manda a atate ake, chifukwa adapangana kale kuti tsikulo likadzafika adzamvera limodzi. Pa 4 Novembala khamu losaoneka malire lidadzaza misewu ya Chicago kulandira chikho. Chaka chotsatira, eni timu adapereka mphete ya chipambano kwa wochemerera uja adazunzidwa mu 2003. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala, adatero akale, koma ku Chicago ambiri amene adasunga khosi adavalira mkandawo pa makosi a zidzukulu zawo.

Chikho sichikhala pa nyumba imodzi. Timu ija ya achinyamata, imene ambiri adaganiza kuti idzalamulira zaka khumi, sidabwererenso ku World Series. Mu Julayi 2021, m'masiku awiri okha, Rizzo, Bryant ndi Javier Báez adasinthanitsidwa ku matimu ena, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 chikho chidali chisanabwererenso kumpoto kwa Chicago. Katundu wa kudikira kwa nthawi yaitali adatsalira anthu a ku Cleveland, amene timu yawo idayamba kusewera ndi dzina latsopano la Guardians mu 2022, ndipo nawonso amakonzekerera ku Arizona komweko. Wochemerera wa Cubs tsopano ali ndi chinthu chimene atate ake adalibe, pakuti iye adaona ndi maso kuti zimatheka, ndipo akudziwa kuti zidatheka chifukwa cha zaka zowawa za kubzala ndi kudikira. Ana obadwa chitapita chaka cha 2016 ayamba kale kuwerenga zaka zawozawo. Chisanu chikafika pachimake ndipo wailesi ikalengeza kuti oponya ndi owakha afika ku Mesa, anawo amafunsa makolo awo ngati timu ya chaka chino ili bwino, ndipo makolowo, podziwa zonse zimene Malichi amabisa, amayankha kuti ili bwino kwambiri.